Khasu Limatha, Munda Sutha

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata otsiriza maphunziro a ntchito zamanja

 

Atandiuza kuti ndidzayankhule za ntchito, ndinakhala pakhonde madzulo ena n'kuyamba kuwerenga pa zala ntchito zimene ndagwirapo chibadwire. Ndinapeza zinayi. Mwa zinayizo, zitatu zinatha ine ndikuona, ndipo lero palibe amene angakulembeni ntchito zoterozo. Choncho amene waima pamaso panuyu ndi munthu amene ntchito yamufera m'manja katatu. Ndabwera kudzakuuzani mmene zinathera, chimene chinandidzutsa nditagwa, ndi chinthu chimodzi chimene ndinachizindikira imvi zitayamba kale.

Ndinabadwira m'mudzi wina m'boma la Dedza. Ndili mwana, m'mudzi mwathu munali amayi, ana ndi nkhalamba. Amuna amphamvu anali ku Joni. Mukamakwera basi pa depoti ya Wenela ku Blantyre, dziwani kuti dzina limenelo linatsala kuchokera ku bungwe limene linkalemba anthu ntchito za m'migodi ya golide ya ku South Africa. Munthu ankasaina kontirakiti, n'kukwezedwa ndege mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, kenako sitima yapamtunda mpaka ku Johannesburg. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi imeneyo. Mmodzi mwa iwo anali bambo anga.

Chimene chinkalumikiza amunawo ndi kwawo chinali kalata. Makalata ankafikira kusukulu, aphunzitsi aakulu n'kutipatsira ife ana kuti tikapereke. Koma amayi ambiri sankadziwa kuwerenga. Ine ndili Sitandade 4 ndinayamba kuwerengera amayi anga makalata a bambo, ndipo mbiri inawanda. Madzulo aliwonse pankabwera wina ndi envulopu yopindidwa bwino m'kansalu. Tinkakhala kuseri kwa nkhokwe, ine n'kumawerenga mokweza pang'ono, iwo atagwira chibwano. Akamva, ankandiuza zoyankha, ine n'kumalemba ndi pensulo papepala long'amba m'kope. Malipiro anga anali chinangwa chowotcha, mtedza wodzaza manja, nthawi zina dzira. Imeneyo ndiyo inali ntchito yanga yoyamba.

Pali tsiku limodzi la ntchito imeneyo limene sindinaliiwale. Kunabwera mayi wina amene ndinkawatcha azakhali, ngakhale sanali achibale. Amuna awo anali ku Halale, kumene lero timati Harare, ndipo panali patatha zaka osabwera. Nditatsegula kalatayo, maso anga anathamangira kutsogolo monga amachitira maso a wowerenga, ndipo ndinaona zimene zinalembedwa pakati: bamboyo anali atapeza banja lina kumeneko, ndipo ankati asamudikirenso. Anali atasanduka mtchona. Ndinayang'ana nkhope ya azakhali aja, yodzaza ndi chiyembekezo, mtima wanga n'kugunda. Ndinawerenga moni woyambirira, ndinalumpha mizere inayi, n'kuwerenga moni wotsiriza. Anandithokoza, nandipatsa nthochi ziwiri.

Mayi aja anadikira mvula ziwiri. Ankazira nyumba, ankasungira amuna awo mphasa yatsopano, ndipo galimoto ikaima kumsewu ankatuluka kukasuzumira. Kenako tsiku lina anatenga kalata ija n'kupita nayo kwa mkulu wa mpingo, amene anawawerengera yonse. Sanandikalipire. Anandiitana kuseri kwa nkhokwe komwe kuja nandiuza motsitsa mawu kuti, "Mwana wanga, maso akowo ndinawabwereka kuti andionere. Sindinawatume kuti andisankhire." Ndinali ndi zaka 11. Ndinachita zimene zija chifukwa cha chisoni, koma chisoni changacho chinawabera mayi aja zaka ziwiri za moyo wawo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Tsiku limenelo kandimverere ndinali ine. Sungani nkhani imeneyi, tidzaipezanso kutsogoloku.

Mu April 1974 ndege imene inanyamula anthu ochokera kumigodi inagwa itangonyamuka ku Francistown, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Kamuzu Banda analamula kuti kulemba anthu ntchito za kumigodi kuime. M'miyezi yotsatira amuna anayamba kubwerera mwaunyinji, aliyense ndi sutikesi, wailesi, jekete lolemera ndi njinga. Makalata anachepa, ndipo ntchito yanga yoyamba inazilala. Koma amene anavutika kwenikweni anali bambo anga. Anali ndi zaka zoposa 40, ndipo luso limene analidziwa bwino linali loboola mwala pansi pa nthaka. Ku Dedza miyala ilipo yambiri, koma palibe amene akanawalipira kuti aiboole.

Kwa miyezi ingapo bambo ankangokhala pansi pa mtengo wa mango, wailesi ili pambali. Kenako anaona chinthu chimene tonse tinkachiona koma osachiganizira. Mwamuna aliyense wobwera ku Joni anali ndi njinga, ndipo njingazo zinayamba kuduka masipoko ndi matcheni m'misewu yathu yamiyala. Wokonza panalibe. Bambo anali atazolowera kugwira sipanala kumgodi. Anagula mapampu awiri, guluu ndi zigamba, nakakhala pamphambano pafupi ndi msika. Njinga zimenezo ndizo zinandilipirira fizi mpaka Fomu 2.

Tsiku lina ndikuwathandiza kupopa tayala ndinawafunsa ngati sawawidwa mtima kuti ntchito yawo yeniyeni inatha. Anadzuka, nalowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kakhasu ka agogo anga, kotha mpaka kutsala ngati chikhatho cha mwana. Anati, "Ukuliona ili? Agogo ako anatha makasu angati m'munda uja? Khasu limatha, munda sutha." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Kunena zoona, mawu amenewo ndinadzawamva patapita zaka zoposa 20.

Nditakhoza mayeso a JC ndalama zopitirizira zinasowa, ndiye ndinapita ku Blantyre kukaphunzira kutaipa. Ana anga, ambiri a inu taipilaita munangoiona pa chithunzi. Anali makina achitsulo olemera, okhala ndi riboni ya inki. Ukamenya batani, kachitsulo kokhala ndi chilembo kankadumpha n'kumenya pepala, ndipo ukafika kumapeto kwa mzere kabelu kankalira. Ukafuna makope atatu unkaika mapepala a kaboni pakati n'kumenya mwamphamvu kuti zilembo zifike pansi. Ukafuna makope 200 unkataipa papepala lapadera lopita ku makina opukusa a Gestetner. Ukalakwitsa chilembo chimodzi m'kalata yofunika, unkayambiranso. N'chifukwa chake wotaipa wabwino ankalemekezedwa. Ine ndinkataipa mawu 60 pa mphindi osayang'ana zala. Ndinalembedwa ntchito mu ofesi ina mu 1982. Mabwana ankalemba pamanja, ine n'kusandutsa zolemba zawozo kukhala kalata yooneka bwino. Ndinkavala shati yoyera ndi tayi, ndipo ndikapita kumudzi anthu ankati kwabwera akalaliki.

Chapakati pa zaka za m'ma 1990, mu ofesi mwathu munalowa kompyuta imodzi. Inkakhala pakona, yofunditsidwa nsalu ngati mkwatibwi. Analembanso mtsikana wina, wamng'ono kwa ine ndi zaka pafupifupi 15, woti aziigwiritsa ntchito. Mwana ameneyo anali waulemu. Kangapo konse anandiuza kuti, "Bambo, nthawi ya nkhomaliro bwerani ndikuonetseni, si zovuta." Ine ndinkakana. Pakamwa ndinkati makina amenewa ndi zoseweretsa, magetsi akathima adzabwerera kwa ine. Mumtima ndinkaopa kuoneka mbuli pamaso pa mwana. Timati chakudza sichiimba ng'oma. Kwa ine ng'oma inalira zaka zitatu zathunthu, ndipo amene ndinatseka makutu ndine. Mu 1998 ndinalandira kalata yondiuza kuti malo a wotaipa kulibenso. Ndinaiyang'anitsitsa kalatayo ndi diso la mmisiri. Inali yoyera, mizere yowongoka, yopanda chofufuta ngakhale chimodzi. Inalembedwa pa kompyuta ija.

Ndinali ndi zaka 36, mkazi ndi ana anayi, nyumba ya lendi. Ndikuuzani chinthu chimene ndinachibisa nthawi yaitali. Kwa milungu itatu sindinauze mkazi wanga. M'mawa uliwonse ndinkavala tayi, n'kutsanzika ngati ndikupita kuntchito. Koma munthu wovala tayi wopanda ndalama m'thumba angakhale kuti tsiku lonse mumzinda? Malo amodzi okha ndi amene sanandifunse kuti ndikugula chiyani: laibulale ya National Library Service, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967 kuti Mmalawi aliyense apeze buku. Ndinalowamo kukabisala. Umo ndi mmene ndinatulukira munthu wina.

Masiku oyamba ndinkangotsegula nyuzipepala pamasamba a ntchito. Palibe amene ankafuna wotaipa. Nditatopa, ndinayamba kuyendayenda pakati pa mashelefu, ndipo ndinakumana ndi mabuku a John Gwengwe, a Willie Zingani, a Jolly Max Ntaba, ndi Nthondo la Samuel Josiah Nthara, limene linatuluka kalekale mu 1933. Ndili mwana ndinkawerenga mabuku otere kuti ndikhoze mayeso. Tsopano ndinkawawerenga ngati munthu waludzu. Ndinapezamo anthu olakwitsa, ochita manyazi, oyambiranso, oyankhula chiyankhulo cha amayi anga. Munthu ukagwa umaganiza kuti ndiwe woyamba kugwa. Buku limakuonetsa mapazi a ena amene anadutsa m'matope omwewo.

Kenako ndinatenga buku la Legson Kayira lotchedwa I Will Try, limene linatuluka mu 1965. Kayira anali mnyamata wosauka wa kumpoto kwa dziko lino, amene anaphunzira ku Livingstonia. Mu 1958 ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, kuti akafune maphunziro ku America. M'katundu wake wochepa munali mabuku awiri, Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Ankagwira ganyu m'njira kuti apeze chakudya. Atafika ku Kampala m'dziko la Uganda analowa mu laibulale, napeza buku la mayina a makoleji a ku America, n'kulembera kalata koleji ya Skagit Valley m'chigawo cha Washington. Anamuyankha kuti abwere. Anapitirira mpaka ku Khartoum, ndipo patatha zaka ziwiri chinyamukire anafika ku America. Pambuyo pake anaphunziranso ku Cambridge, nakhala mlembi wa mabuku.

Anthu akamakamba za Kayira amakonda kukamba za miyendo yake. Ine chimene chinandigwira chinali cha ku Kampala chija. Munthu anayenda mtunda wonsewo, koma khomo linatseguka pamene anakhala pansi n'kutsegula buku, kenako n'kulemba kalata. Ndinadzifunsa kuti: iyeyu sanachite manyazi kuyenda wopanda nsapato m'mayiko a eni, nanga ine ndikuchita manyazi ndi chiyani? Madzulo a tsiku limenelo ndinavula tayi n'kumuuza mkazi wanga zonse. Analira, kenako anati, "Ndinadziwa kale. Nsapato zanu zimabwera ndi fumbi lochepa." Mawa lake ndinabwerera ku laibulale n'kupempha buku lophunzitsa kompyuta.

Patsamba lachitatu la buku limenelo panali chithunzi cha mabatani a kompyuta. Nditachiyang'ana ndinatsala pang'ono kufuula. Zilembo zinali m'malo omwewo amene zimakhala pa taipilaita: Q, W, E, R, T, Y pamzere wapamwamba, A, S, D, F pansi pa zala za kumanzere. Chinthu chimene ndinachithawa zaka zitatu chinali ndi nkhope ya mnzanga wakale. Zala zanga zinkadziwa kale theka la ntchitoyo. Apo ndi pamene mawu a bambo anga anandifika. Taipilaita linali khasu chabe. Ine ndinakakamira khasu lotha n'kumalira, munda uli pomwepo ukundidikira.

Ndinamufunafuna mtsikana wa mu ofesi uja. Ndinaima pakhomo pake, bambo wa ana anayi, n'kunena kuti, "Mwana wanga, zija unkanena zija, ndabwera." Sanandiseke. Anandiphunzitsa Loweruka lililonse kwa miyezi iwiri. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinali nditadya lokwanira.

Pano ndiime pang'ono kuti ndikambe za kuwerenga, chifukwa ndikudziwa zimene ena mwa inu mukuganiza: mayeso atha, mabuku apume. Mukatero mudzakhala mmisiri wa chaka chino mpaka kalekale, pamene dziko likupita. Inu amakaniko, galimoto zimene zikulowa m'dziko muno tsopano zili ndi kompyuta m'kati, ndipo matenda ake ambiri amapezeka polumikiza kachipangizo kowerenga, osati pomvetsera injini ndi khutu lokha. Inu a zamagetsi, onani mmene mapanelo a sola achulukira pamadenga a m'midzi. Inu atelala, funsani akuluakulu anu zimene kaunjika anachita ku ntchito yawo, ndipo muone kuti amene anapulumuka ndi amene anaphunzira kusoka mayunifolomu, zovala zamakono za chitenje, ndi kuchepetsa kaunjika yemweyo kuti akwane mwini wake. Kusintha kudzakupezani. Funso ndi lakuti kudzakupezani mukudziwa zotani.

Njira yowerengera imene ndimaikhulupirira ndi ya William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itavuta, anasiya sukulu ya sekondale chifukwa makolo ake analibe fizi. Anayamba kupita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale ya kwawo, ndipo anapezako buku lotchedwa Using Energy, lokhala ndi chithunzi cha makina amphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, choncho ankatsatira zithunzi n'kumafunsa matanthauzo a mawu. Ali ndi zaka 14 anatola zitsulo kudzala, fani ya thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakale ndi dainamo, nazimangirira pansanja ya mitengo ya bulugamu. Anthu ankati wapenga. Mphepo itawomba, babu linayaka. Mu 2007 anaitanidwa kukayankhula ku msonkhano wa TED ku Arusha, ndipo mu 2014 anatsiriza maphunziro ku Dartmouth College ku America.

Si nonse amene mudzapite ku America, ndipo sindinakambe nkhaniyi kuti muzilota ndege. Onani mmene mnyamatayu anawerengera. Analowa mu laibulale atanyamula vuto la kwawo: mdima wa usiku, utsi wa koloboyi, palafini wodula, munda wouma. Buku linakumana ndi funso limene linali kale mumtima mwake. Mabuku omwewo anawagwirapo ana ena ambiri, koma amene anaona magetsi m'menemo ndi amene anabwera ndi funso. Inunso muziwerenga motero. Werengani pang'ono tsiku lililonse, ngakhale masamba awiri, pakuti tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Werengani kapepala kamene kamabwera ndi makina atsopano musanakataye. Werengani za ntchito za ena, chifukwa kalipentala wodziwa pang'ono za kawerengedwe ka ndalama sagulitsa mpando motsika kuposa mtengo wa matabwa ake. Werenganinso nthano ndi ndakatulo m'chiyankhulo chanu, chifukwa zimakuphunzitsani mtima wa munthu, ndipo kasitomala wanu aliyense ndi munthu. Foni ili m'thumba mwanuyo ingathe kukhala laibulale yoposa imene ine ndinabisalamo, mukaiuza kuti ikhale choncho.

Ndi ndalama zimene anandipatsa pondichotsa ntchito ndinagula kompyuta yakale ndi makina osindikizira, n'kuchita lendi kachipinda pafupi ndi msika. Imeneyo inali ntchito yanga yachitatu. Kunkabwera achinyamata ofuna kalata yofunsira ntchito, amayi a mpingo ndi malipoti awo, anthu ogulitsana malo ofuna pepala la mgwirizano, abale ofuna ndondomeko ya mwambo wa maliro. Ambiri ankadziwa zimene akufuna kunena koma osadziwa kaikidwe kake papepala. Ndinkawakhazika pansi, kuwafunsa, kulemba, kenako kuwawerengera mawu alionse mpaka avomere kuti ndi zimene amatanthauza. Mzere sindinalumphenso ngakhale umodzi. Tsiku lina mayi wina wokalamba atatuluka ndi kalata yake, ndinazindikira kuti ndabwerera kuseri kwa nkhokwe. Zaka zonse zija mu ofesi ndinkaganiza kuti ntchito yanga ndi kumenya mabatani. Ntchito yanga, kuyambira ndili Sitandade 4, inali kuthandiza munthu kuti mawu ake afike kumene akupita, ndi kuti mawu a ena amufike osapotozedwa. Umenewo ndiwo unali munda wanga. Pensulo, taipilaita ndi kompyuta anali makasu.

Kachipinda kaja kanatidyetsa zaka zoposa 10, ana onse anayi n'kuphunzira. Kenako mafoni anafika m'manja mwa aliyense, ndipo achinyamata anayamba kudzilembera okha makalata. Makasitomala anayamba kuchepa. Ulendo uno ng'oma ndinaimva msanga. M'malo mowerenga amene asiya kubwera, ndinayamba kuyang'ana amene akubwerabe. Anali anthu osadziwa kuwerenga, ndipo sankabweranso ndi envulopu. Ankabwera ndi foni: "Abambo, tandionereni uthenga walowawu." Ana awo ali ku Johannesburg kapena ku Lilongwe amatha kuwatumizira mawu ojambulidwa pa WhatsApp, koma uthenga wa ndalama za Airtel Money kapena Mpamba umabwera m'zilembo ndi manambala. Ndinaona agogo akupereka nambala yawo yachinsinsi kwa munthu wosamudziwa kuti awatapire ndalama. Ndinaona bambo wina amene anatumiza ndalama ya feteleza kwa akuba a pafoni chifukwa womuwerengera uthenga anamuuza zolakwika. Kandimverere anali akadali moyo, atangosintha malaya.

Pamenepo ndinadzifunsa funso limene ndinayenera kudzifunsa kalekale. Ngati munda wanga ndi woti mawu afike kwa mwini wake, kodi ndipitirize kubwereketsa maso anga mpaka liti? Ndinatseka kachipinda kaja n'kudzipereka kuphunzitsa sukulu ya kwacha, kumene akuluakulu amaphunzira kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera. Imeneyi ndi ntchito yanga yachinayi, ndipo ndi imene ndikugwira mpaka lero, masana pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi, bolodi litatsamira thunthu.

Sindikunamizani, ntchito imeneyi payokha siingadyetse banja. Ndimalima, ndimaweta nkhuku, ndipo ana anga amandithandiza. Ndikunena izi chifukwa anthu okhuta amakonda kuuza achinyamata kuti atsate zimene mtima wawo ukonda, ngati kuti mtima umalipira lendi. Inu mukutuluka m'nyengo yovuta. Munaona mmene mitengo ya zinthu inakwerera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Ambiri mwa inu simudzalandira kalata yokuitanani ku ofesi. Ena mudzayamba ndi ganyu, ena kabaza, ena kugulitsa pamsika kuti mupeze ndalama yogulira zipangizo. Musachite nazo manyazi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bambo anga anachoka pa makina aakulu a kumgodi n'kukakhala pafumbi kumata machubu, ndipo palibe tsiku limene anandichititsa manyazi.

Koma pamene mukugwira chilichonse chimene mwapeza, muzidzifunsa mafunso atatu. Loyamba: ndani amene akupepukidwa chifukwa cha ntchito yangayi? Ngati mungathe kuona nkhope yake, mayi amene chitseko chake tsopano chikutsekeka usiku, mwana amene akuwerenga pa babu limene mwalumikiza, ndiye kuti mwapeza munda wanu, ndipo makasu akamasintha simudzasochera. Lachiwiri: kodi ndingalole kuti dzina langa lilembedwe pa chimene ndapangachi? Mmisiri amene amabisa thabwa lofumbwa pansi pa penti, kapena kuika waya wochepa mphamvu m'khoma poti mwini nyumba saona, akuchita zomwe ndinachita ine kwa azakhali aja. Anthu akubwereka maso anu ndi manja anu chifukwa iwo sadziwa. Musawasankhire mobisa. Lachitatu: kodi chaka chino ndaphunzira chiyani chimene sindinkachidziwa chaka chatha, ndipo ndaphunzira kwa yani? Ngati yankho palibe, ng'oma ikulira ndipo simukuimva. Wokuphunzitsaniyo akhoza kukhala mwana wamng'ono kwa inu. Pitani nthawi ya nkhomaliro, musadikire kalata.

Kwa inu makolo anzanga, ndipemphe chinthu chimodzi. Mwana akabwera kunyumba ntchito itamuthera, kapena atayesa geni n'kugwa, musamulandire ndi mawu olasa. Ine ndinabisala mu laibulale milungu itatu nditavala tayi chifukwa choopa maso a anthu. Pakhomo pakhale malo amene munthu angavule tayi n'kunena zoona. Ndipo mukaona mwana ali ndi buku, musamuuze kuti akungokhala.

Nditsirize ndi zimene zinachitika m'kalasi mwanga chaka chathachi. Muli agogo ena a zaka zoposa 60 amene mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Johannesburg, mzinda womwe uja unatenga bambo anga. Anayamba osadziwa ngakhale kugwira pensulo. Miyezi isanu ndi itatu tinalimbana ndi a, e, i, o, u, kenako ma, me, mi, mpaka mawu athunthu. Tsiku lina tili pakati pa phunziro foni yawo inalira m'kansalu. Mwachizolowezi anaitambasulira kwa ine. Ndinati, "Amayi, tayesani nokha." Anaigwira ndi manja awiri, naiyandikiza kumaso, nayamba kutchula chilembo chimodzichimodzi, chala chikunjenjemera pagalasi. "A-ma-yi. Nda-tu-mi-za nda-la-ma ya mbe-wu." Kalasi yonse inaombera m'manja, wina n'kuimba nthungululu. Ndinasendera pafupi kuti ndiwathandize mizere yotsatira. Agogo aja anatembenuza foniyo, naigunditsa pachifuwa, n'kundiyang'ana akumwetulira. Anati, "Aphunzitsi, zotsalazi ndi zanga."

Ndinabwerera pa bolodi, koma kwa kanthawi sindinathe kulemba. Ndinakumbukira azakhali aja, amene anamwalira kalekale osadziwa kuwerenga dzina lawo. Zaka ziwiri zija sindingathe kuwabwezera. Koma masana amenewo, pansi pa mtengo, ndinaona mayi akulandira mawu a mwana wake popanda wina woima pakati, ndipo ndinadziwa kuti makasu onse anayi amene ndagwira ankalima kuti ndidzafike pa mzere umenewu.

Ana anga, lero akupatsani makasu atsopano, akuthwa, onyezimira. Agwireni bwino, asamaleni, muwanyadire. Tsiku lina adzatha, monga anathera a agogo anga, a bambo anga ndi anga. Likadzafika tsikulo, mudzakweze maso n'kuyang'ana anthu amene munkawatumikira. Adzakhala akadali pomwepo, akusowabe chitseko, kuwala, chovala ndi mawu. Mukatero mudzadziwa khasu loti mukasule.

Pitani bwino, ndipo Mulungu adalitse manja anu.